Nkhata Imene Sinafike Kumanda

Loweruka, 12 Okutobala

Lero ndinadzuka mutu ukuwawa, maso ali otupa. Dzulo madzulo tinalandira uthenga pafoni ya azakhali anga woti bambo ake a Asiyatu amwalira ku Nkando. Asiyatu ndi mnzanga wa desiki imodzi mu Fomu 3. Mayi anga atamwalira chaka chatha, iye anagona nane m'siwa masiku atatu, ndipo pamanda ndiye anandigwira kuti ndisagwe. Ndinalumbira mumtima kuti tsoka likadzamugwera, nanenso ndidzaima pambali pake.

Komabe sindinafulumire. Kwathu maliro amadikira: bokosi likhomedwe, amalume afike kuchokera ku Mozambiki, kwaya ikonzeke. Choncho m'mawa wonse ndinali kuthyola maluwa kwathu ku Likhubula ndi kuluka nkhata yaikulu ngati lichero.

Ndinanyamuka cha m'ma 10 panjinga yamoto, K2,000 mpaka pa Chitakale. Titafika pamabampu, woyendetsa anakuwa: "Achemwali, gwirani ine! Maluwawo akagwa sathyoka mwendo!"

Pa Chitakale minibasi inali ndi anthu asanu okha, koma kondakitala ankangoti, "Watsala mmodzi!" Ndinagula chinangwa chophika n'kukhala pafupi ndi bambo wina wachikulire wa mkanjo ndi kachipewa koyera. Anayang'ana nkhata ija n'kufunsa:

"Mwanawe, ukwati uli kuti?"

"Si ukwati, bambo. Ndi maliro a bambo a mnzanga. Mwina aika mawa kapena mkucha."

"Dzina la mnzakoyo?"

"Asiyatu."

"Amwalira dzulo?" Anayang'ana wotchi yawo. "Iii, mwanawe. Msilamu sitimugoneka kawiri. Akangotha swala, pemphero lathu la masana, akunyamula."

Ndinasiya chinangwa n'kuyamba kuwafunsa. Lero lomwe? Nanga bokosi akhoma nthawi yanji? Anati kulibe bokosi. Amamusambitsa, n'kumukulunga m'nsalu yoyera yotchedwa sanda, n'kumugoneka chammbali, nkhope italoza ku Makka. Wolemera ndi wosauka, nsalu ndi yomweyo. Nditafunsa za nyimbo, anapukusa mutu. Za nkhata sindinafunsenso. Ndinaona yankho pankhope pawo.

Tinanyamuka 12 itadutsa, K3,000 aliyense. M'njira bambo aja anandifotokozera kuti Chisilamu chinayambira ku Makka kudzera mwa Mtumiki Muhammad, ndipo kuno chinabwera ndi amalonda ochokera kunyanja yamchere n'kukhazikika pakati pa Ayao. Anawerenga pazala: kuvomereza kuti Mulungu ndi mmodzi, kuswali kasanu patsiku, kuthandiza osauka, kusala m'mwezi wa Ramadhani, ndi ulendo wa ku Makka kwa amene angathe. Ndivomere, zina zinandidutsa. Minibasi ikaima kuti ikweze thumba la nandolo, ine ndinkafuna kulira. Zaka zitatu ndakhala desiki imodzi ndi Asiyatu, koma zonsezi ndazimvera kwa mlendo.

Ndinatsika pa Nkando hafu pasiti wani, n'kuthamanga kudutsa pamsika. Ndisanafike pamzikiti ndinakumana ndi anthu onyamula maliro. Amuna okhaokha, akuyenda mofulumira ngati akuthawa mvula, atasenza jeneza, chonyamulira maliro chofundidwa ndi nsalu yobiriwira. Aliyense ankasenza pang'ono n'kupatsira mnzake phewa. Kunalibe kwaya, kunalibe wobuma. Ndinayamba kuwatsatira, maso akufunafuna Asiyatu, pamene mayi wina anandigwira dzanja.

"Iwe, ukupita kuti?"

"Kumanda, amayi. Mnzanga ali komweko."

"Mnzako ali m'nyumba. Kumanda kumapita amuna."

"Ngakhale mwana wa malemu?"

"Ngakhale mkazi wawo. Tiye kuno. Maluwawo siya paseri pa khitchini."

Ndinawatsatira mayiwo mpaka kunyumba ya maliro. Ine pa maliro a mayi anga ndinaponya dothi ndi dzanja langa. Asiyatu sanaone n'komwe pamene bambo ake agona.

Ndinavula nsapato pakhomo. Mayi aja, amene ndinazindikira kuti ndi azakhali ake a Asiyatu, anandifunditsa mpango kumutu. M'nyumba amayi anali atakhala pamphasa, misozi ikutsika mwakachetechete, ena akunong'ona kuti ife ndi a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera. Asiyatu anali pakona. Ndinagwada pafupi naye.

"Pepa, Asi. Ndachedwa. Ndimayesa ndi mawa."

"Ndinakuona pawindo," anatero. "Unasenza munda wonse wa ku Likhubula."

Anaseka pang'ono, kenako kusekako kunasanduka kulira, n'kugonetsa mutu pamiyendo panga. Ndinamufunsa chapansipansi ngati sizikumuwawa kuti sanapite kumanda.

"Zikuwawa," anayankha. "Koma ndinawatsanzika m'mawa atawasambitsa. Chimene ndikuopa ndi mawa, anthu onsewa akabalalika."

Ndinkayesa kuti ntchito ya bwenzi ili pamanda basi. Azakhali ake andiuza kuti banja likhala pachisoni masiku atatu, anthu akubwera kudzapepesa ndi kupempherera malemu, ndipo madzi ndi nkhuni sizikwanira.

Ndaimbira azakhali anga kuti sindibwerera lero. Mawa kutchalitchi akaimba popanda ine. Ndidzuka nthawi imene Asiyatu adzukire kuswali, ndimudikire amalize, kenako titenge zidebe tipite limodzi kumjigo.