Wotchi Yopanda Masikuluwu

Dzina lenileni la a Mawotchi linatsalira pa chitupa. Pakhonde la mashopu, pomwe tsitsi lawo linachitira imvi akukonza mawotchi, aliyense ankangowatchula ndi ntchito yawo. Anali munthu wochepa thupi, wa zala zazitali, ndipo diso lawo lakumanja linali lotsinzina pang'ono chifukwa cha kagalasi koyang'anira tizitsulo. Ukawabweretsera wotchi, sankayamba ndi kufunsa vuto. Ankaigoneka chafufumimba pa kansalu, n'kuyang'ana masikuluwu. Akawapeza ankamwetulira. Akapanda kuwapeza ankapukusa mutu n'kunena mawu awo a masiku onse: "Chinthu chimene sungachitsegule si chako. Wangowasungira eni ake."

Mafoni atachuluka, anthu anasiya kuvala mawotchi, ndipo theka la benchi linapita kwa bambo wina wonenepa, wolongolola, wokonza makompyuta. Uyunso dzina lake linathera pomwepo, anangokhala a Makompyuta. Awiriwa ankatsutsana pa mpira ndi pa mvula yomwe, koma pa nkhani ya masikuluwu anali pachibale. A Makompyuta ankakonda timakina timene opanga ake amaonetsa poyera mmene anatilumikizira, kuti aliyense athe kusintha kapena kuikamo chitsulo cha kwina.

Kunyumba kwa a Mawotchi, mawotchi onse ankathamanga. Anali malamulo a malemu akazi awo, amene ankaopa kuchedwa kuposa njoka. "Basi ilibe mlamu," ankatero mayiwo, ndipo mwamuna wawo ankakankhira mivi patsogolo pang'ono. Mayi atamwalira, mivi sinabwerere m'mbuyo. M'mawa uliwonse a Mawotchi ankazungulira pabalaza akupiringa mawotchi, uku akuwafotokozera malemuwo nkhani: mtengo wa sopo, denga lodontha, amene wakwatiwa ndi amene wathawidwa. Ankadziyankha okha, nthawi zina n'kuseka. Zinali zawo, za awiri.

Kenaka sitiroko inawagwira mwendo wakumanzere. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene ankagwira ntchito mu ofesi kutali, anabwera ndi mwamuna wake atakonza kale chipinda.

"Ababa, tiyeni kwathu. Muno mudzagwa popanda wokuonani."

"Ndikagwa ndidzadzuka. Ndinayamba kugwa iwe usanabadwe."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza mwanayo anati, "Chabwino, khalani. Koma ndikangomva kuti mwagwa, tikubwera ndi galimoto, ndipo sitidzakambirananso." Asananyamuke, mkamwini anatulutsa mphatso: wotchi yapakhoma yoyera, yosalala ngati mbale. Anaikhoma yekha moyang'anizana ndi mipando, n'kulumikiza chingwe chake ku soketi. "Iyi siifuna kupiringa, bambo. Imadziwa yokha nthawi." A Mawotchi anaisisita kumbuyo osapeza sikuluwu ngakhale imodzi. Koma mphatso ya mkamwini sainyoza pamaso pake, anangothokoza.

Kuyambira pamenepo anayamba kuphunzira kuyenda mobisa. Ankatseka chitseko, kuika ndodo pampando, n'kuyesa kufika pa kabati. Tsiku lina mwendo unakana, ndipo anagwera pa bondo. Anakhala pansi nthawi ndithu akupumira m'mwamba, kenaka anadzikoka ndi mwendo wa tebulo. "Musauze munthu, mayi," anauza malemu akazi awo akupukuta thukuta.

Madzulo foni inalira.

"Ababa, bondolo lili bwanji?"

A Mawotchi anaima ndi kapu m'manja. "Bondo liti?"

"Ayi, ndangofunsa. Muzigwiritsa ndodo."

Munthu yekhayo amene anali ndi kiyi wa nyumbayo anali mlamu wawo, mng'ono wa malemu, amene ankakhala tsidya la msewu n'kumabwera kudzachapa ndi kusesa. M'mawa mwake atangolowa ndi beseni, anapeza nkhope yolusa ikumudikira.

"Alamu, mwayamba liti ntchito ya wayilesi?"

"Wayilesi ya chiyaninso m'mawa uno?"

"Mumasuzumira pawindo n'kumaimbira mwana."

Mayiyo anatula beseni pansi. "Ine? Ndikanakhala wamiseche ndikanayambira masokosi anu obookawa, dziko lonse likanadziwa. Mwagwa kodi?"

"Sindinagwe. Bweretsani kiyi."

Anamasula kiyi pa mpango wake pang'onopang'ono, n'kumuika patebulo. "Achemwali anga anapirira zambiri," anatero, ndipo anatuluka osatenga beseni.

A Mawotchi anatseka makatani onse, n'kutsekanso kabowo ka kiyi ndi pepala. Nyumba inada ngati m'thumba, koma mtima unakhala pansi. Masana ena, pofunafuna malaya m'sutikesi, anapeza diresi la malemu la maluwa achikasu. Anapita nalo pabalaza, n'kulikumbatira, n'kuyamba kuvina nalo pang'onopang'ono ndi mwendo wokokawo, akuimba chapansipansi. Nyimbo isanathe anakhala pampando n'kulira monga sanalirire ngakhale pamaliro.

Mawa lake mwana anaimba, mawu ake ali ofewa kwambiri. Anafunsa za mankhwala, za mvula, kenaka anati, "Ababa, diresi la amayi lachikasu lija, bwanji mundipatse ndizisunga ine? Zinthu zina zimangopweteka mtima."

A Mawotchi anayang'ana makatani, anayang'ana chitseko, anayang'ana kudenga. Mpaka anaganiza kuti kapena malemu akumuyendera mwanayo kutulo. Tsiku limenelo sanapiringe mawotchi, ndipo sanalankhule ndi munthu, wamoyo kapena wakufa.

Chimene chinawatengera ku wotchi yoyera ija sichinali nzeru, chinali kunyansidwa chabe. Mawotchi ena onse ankathamanga mwa lamulo la mayi, iyo yokha inkayenda mwa yokha, ndipo inalibe pokankhira mivi. Anaganiza zopita nayo kushopu kuti akaiphunzitse mwambo wa pakhomo. Anazula chingwe, n'kuikulunga m'thaulo. Asanafike ndi pageti pomwe, foni inalira.

"Ababa, magetsi azima kumeneko?"

Babu la pakhonde, limene anaiwala kuzimitsa, linali likuyaka pamwamba pa mutu wawo. Analiyang'ana, kenaka anayang'ana thaulo limene linali m'khwapa mwawo.

"Eya," anatero. "Azima."

Kushopu anatenthetsa guluu wa m'mphepete, n'kulowetsa kampeni kopyapyala mpaka chivundikiro chinalekana. Mkatimo munalibe timawilo kapena sipuling'i. Munali kabolodi kobiriwira, kasimu khadi konga ka m'foni, ndi kagalasi kakang'ono ngati diso la nsomba, kosuzumira pa kabowo ka pakati pa manambala apamwamba.

"Achimwene, taonani kuno. Ichi n'chiyani?"

A Makompyuta anabwera akutafuna, nkhani ya mpira ili pakamwa. Anawerama, anayang'ana, n'kusiya kutafuna.

"Yakhala pati wotchiyi?"

"Pabalaza."

"Iyi ndi kamera, akulu. Aka ndi khutu lake. Zonse zimene imaona ndi kumva zimapita pa foni ya munthu."

A Mawotchi anachotsa kagalasi pa diso, n'kukaika pa kansalu mosamala ngati kangasweke. Zinayamba kubwera chimodzichimodzi: moni wa m'mawa, kukwawa pansi, masiku otentha amene ankakhala pabalaza ndi kabudula wamkati yekha, diresi lachikasu.

Mwana anafika kumapeto kwa sabata, yekha, chifukwa wotchi inali itasiya kuonetsa. Anapeza bambo ake ndi a Makompyuta atakhala pabalaza, matumbo a wotchi atayalidwa patebulo. Anaima pakhomo chikwama chili m'manja.

"Ababa, ndinkaopa. Ndinkalota mutagwa, mukuitana, popanda wakumva."

"Unaona zingati?"

Anayang'ana pansi. "Ndinkatsegula pa nthawi yopuma. Nthawi zina ndinkangofuna kumva mawu anu."

"Sanali ako mawuwo, mwanawe. Ndani winanso anaona?"

"Bambo a kunyumba. Ndi mnzanga wina wa kuchipatala, ndinamutumizira pamene munagwa paja. Basi."

A Makompyuta anakhosomola. "Pepani mayi, si basi. Zithunzizi sizichoka muno n'kulunjika kwa inu. Zimayamba zakafika ku makompyuta a amene anapanga chinthuchi, n'kusungidwa kumeneko. Inu amangokubwerekani."

"Ayi, ndi zanga. Ndili ndi nambala yachinsinsi. Ndizifufuta pompano."

Anatulutsa foni. Anadina apa, anadina apo. A Mawotchi anaona nkhope ya mwana wawo ikusintha pamene ankawerenga timalemba ting'onoting'ono. Foni inkamulola kuchotsa zithunzizo pamaso pake, koma inkati kampani ipitiriza kusunga zina monga mwa pangano limene iye anavomera tsiku logula. Anawerenganso kachiwiri, milomo ikuyenda. Kenaka anakhala pa mkono wa mpando, dzanja lili pakamwa.

"Ndiye kuti kuli anthu ena, osatidziwa n'komwe..."



Mwanayo anapukuta m'maso n'kunena motsitsa, "Komabe munagwa, ababa."

"Ndinagwa, ndipo ndinadzuka. Unaonanso zimenezo?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

A Makompyuta anatulutsa m'thumba kabokosi kooneka mkati, ka masikuluwu m'makona, kokhala ndi batani limodzi lofiira ndi chingwe chokoleka m'khosi. Anali atakalumikiza okha kuchokera ku timakina tawo tija. "Kalibe diso, kalibe khutu. Akadina, foni yanu ilira. Akapanda kudina, kali chete. Tsegulani muone nokha."

A Mawotchi anali atakatsegula kale kawiri. Mwana anakatembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Nanga mukagwa osatha kudina?"

"Alamu azibwera m'mawa ndi madzulo, ngati angandikhululukire. Zotsalazo n'za Mulungu. Koma galimoto ija isabwere."

Mwanayo anangowakoleka kabokosiko m'khosi, n'kukonza kolala ya malaya awo monga ankachitira amayi ake.

Kiyi a Mawotchi anakamubweza okha, akukoka mwendo kuwoloka msewu. Mlamu anamvetsera nkhani yonse atagwira chibwano. Kenaka anati, "Ndiye azungu a kampaniwo anakuonani ndi kabudula uja? Oyenera kulandira chipepeso ndi iwowo." Anamanga kiyi pa mpango n'kufunsa za beseni lake.

Chigoba cha wotchi yoyera a Mawotchi sanachitaye. Anapeza injini yakale m'kabati ya kushopu, ya mtundu umene umalowa m'wotchi iliyonse, ndipo inakwana bwinobwino. Anaboola chivundikiro, n'kuchimanga ndi masikuluwu, kabowo ka diso n'kukamata ndi phula. Mivi anaikankhira patsogolo pang'ono.

M'mawa wotsatira anatsegula makatani n'kuyamba kupiringa mawotchi. Atafika pakati pa balaza anatsegula pakamwa kuti apereke moni wa masiku onse, koma maso awo anathamangira kukhoma. Ankadziwa chilichonse chimene chinali m'wotchi ija, anachiikamo ndi manja awo. Komabe mawu sanatuluke. Anamaliza kupiringa mwakachetechete, anatenga ndodo, n'kutulukira kuseri kwa nyumba kumene kuli chingwe choyanikira zovala. Kumeneko anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona: "Mwadzuka bwanji, mayi? Nkhani zilipo, koma mundidikire pang'ono."