Makobili Amene Nelesi Anakwecha

Mlamu wanga Nelesi anali mkazi wa ku Katete, wamfupi, wamapazi aakulu, wosadziwa kubweza mawu. Mlongo wanga Langford anamukwatira mu 1979 n'kubwera naye kuno ku Palabana. Nelesi sanapite patali ndi sukulu, sankaimba m'kwaya, ndipo pamsonkhano wa azimayi ankakhala kumbuyo kwenikweni. Luso lake linali kukwecha basi. Mumupatse poto wakuda bii, phulusa ndi kamchenga, mudzabwera kudzadziyang'anirapo nkhope. Ine Mirriam ndinkamuseka nazo, sindibisa, koma mapoto anga ndinkamusiyira yemweyo.

Langford anali wojambula zithunzi. Ankapalasa njinga mpaka ku Bundabunda, kamera ili pakhosi, kujambula maukwati ndi maubatizo. Kunja anali munthu wa nthabwala, koma akafika pakhomo nkhope inkagwa. Pofika 1998 aliyense ankadziwa kuti ali ndi mtsikana ku Silverest, dzina lake Christabel, ndipo akufuna Nelesi achoke. Chovuta n'chakuti anali mkulu wa mpingo, ndiye sakanamuthamangitsa popanda chifukwa. Kawiri konse anaitanitsa ankhoswe, ndipo kawiri konse anamufunsa chimene mkaziyo walakwa, koma cholakwacho sichinapezeke. Nelesi ankadziwa zonsezi, ndiye ankayenda monyang'ama m'nyumba yake yomwe, kuopa kupereka chifukwa.

Chaka chomwecho, akukumba chulu kuti aumbe njerwa, Langford anafukula kachitini kodzaza makobili a nthawi ya atsamunda, mashereni ndi ena obowoka pakati. Kukhalitsa m'dothi kunawapatsa mtundu wodabwitsa, wobiriwira mosakanikirana ndi kufiirira, ngati khosi la nkhunda. Munthu wina wa sitolo ku Lusaka anamuuza kuti kunja kuli anthu osonkhanitsa zotere, ndipo chimene amafera ndi mtunduwo. Anati abweretse zithunzi zabwino, iye azilowetse mu kompyuta n'kuzitumiza kwa ogulawo.

Apa m'pamene tinaonera mavuto. Akajambula ndi fulashi, khobili linkatuluka loyera mbee, mtundu wonse utathawa. Akajambula m'nyumba, linkatuluka ngati chivindikiro cha botolo chogwera m'matope. Filimu iliyonse inkayenera kupita ku Lusaka, n'kudikira sabata kuti aone kuti walepheranso. Kenaka anapeza njira. Ankayala nsalu yakuda pansi pa mtengo wa mango m'mawa dzuwa lisanakwere, n'kutsamiritsa khobili pa kamwala kuti lipendekeke pang'ono, Nelesi atagwira mbale yoyera pambali kuti kuwala kubwerere pa khobilipo. Mkazi wa anthu ankagwada pamenepo mpaka manja kutopa. Akangosuntha pang'ono, ankamva kuti ndi chitsiru, mbuzi ya ku Katete. Palibe tsiku limene Langford anamufotokozera chimene ankasaka pa makobiliwo. Nelesi ankangomva mwamuna akudandaula kuti zithunzi zikuda, zikuda.

Tsiku lokapereka zithunzi zomaliza ndinakwera naye minibasi, popeza ndinkakagulitsa mkaka ku tauni. Ndinalowa naye m'sitolomo. Zithunzizo zinali zokongola, ndisaname, mtundu wonse unaoneka. Mwini sitolo anaziyang'ana chimodzichimodzi, anamuyamikira pa luso, kenaka anazikankhira kwa mwini wake. Anati makobili a mtundu umenewo ali mbwee, ngakhale iye ali nawo thumba lonse kuseri, ndipo ambiri mwa a Langford anali operepeseka moti palibe angawafune. Langford anatuluka osatsanzika.

Titafika, tinapeza Nelesi atakhala pakhonde atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Patsogolo pake panali mbale, ndipo m'mbalemo munali makobili onse, akuwala kuti ngwee. Anawakwecha tsiku lonse ndi phulusa ndi mandimu, limodzilimodzi, mpaka zala kusupuka. Ankamwetulira, mayi wanga ine, kumwetulira kwa munthu amene akuganiza kuti lero wapulumutsa banja.

"Atate a Peace, manje zizaoneka bwino pa chithunzi," anatero.

Ndinamuyang'ana mlongo wanga. Ndinaona nkhope yake ikumasuka pang'onopang'ono, ndipo ndinachita mantha, chifukwa sunali mkwiyo umenewo, chinali chimwemwe. Sanamumenye. Anangonyamula mbale ija n'kuyamba kuzungulira nayo makomo a anthu.

Lamlungu ankhoswe anakhala pansi. Langford anayala zithunzi mbali iyi, makobili okwechedwa mbali inayo, kuti aliyense aone kusiyana kwake. Anati azungu anali atavomera kale kugula, kuti akanamanga nyumba ya malata, kuti mwana wawo Peace akanapita ku koleji, ndipo mkazi uyu wapukuta zonsezo ndi phulusa. Analira ndi misozi yeniyeni, galu ameneyo. Anthu anapukusa mitu. Ngakhale ankhoswe a kuchikazi anangoti pamenepa palibe chonena. Peace, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anadzuka pafupi ndi amayi ake n'kukakhala kwina.

Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinali ndekha wodziwa zimene zinanenedwa m'sitolo muja. Koma kanyumba kanga ka umasiye kanali pa malo a Langford, ng'ombe zanga ziwiri zinkagona m'khola lake. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ine ndinayamba kukonza mpango wanga kumutu. Mundinene mmene mungafunire, ndinadzinena kale ndekha.

Ukwati unathera pomwepo, ndipo Lachitatu ndinamuperekeza Nelesi kumsewu waukulu kukadikira basi ya ku Chipata. Peace anakana kubwera. Katundu wake yense anali chikwama chimodzi ndi mapoto atatu omanga pa chitenje. Sanatukwane munthu. Ankangondipempha kuti ndikamupepesere kwa mwamuna wake, ndiponso kuti ndizimukumbutsa Peace kumwa mankhwala ake a chifuwa. Basi itaonekera patali, anandigwira mkono ndi zala zake zomanga tinsanza.

"Mulamu, imwe munaliko ku Lusaka. Niuzeni zoona. Sembe anagula?"

Ankafunsa ngati azungu aja akanagula makobiliwo iye akanapanda kuwakwecha. Basi inaima, kondakitala anatsika n'kuyamba kukoka mapoto aja.

"Sembe anagula," ndinatero.

Anagwedeza mutu, anati zikomo, n'kukwera.