Anthu Amatope a mu Kanema wa Dona Rosa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa pangapa. Nditamaliza desima kalasi, ndiye kuti kalasi ya khumi, ndinachoka kwathu ku Chipera kupita ku Fingoe kukasaka maganyu, m'chikwama muli malaya awiri basi. Tsiku lachitatu ndinaima pakhomo pa baraka ya Dona Rosa, pomwe anthu ankaonera kanema, n'kuyamba kumuuza munthu amene ndinaima naye zimene zinkalembedwa m'munsi mwa televizawu. Dona Rosa anandimva. "Iwe, Chipwitikizi umachiwerenga msanga chonchi? Mawa ubwere. Womasulira wanga wathawira kokumba golide."

Holo yake inali ya malata, mawindo otchinga ndi matumba kuti mukhale mdima masana. Ine ndinkakhala pakona, kuseri kwa chinsalu, ndili ndi kativi kanga kakang'ono, maikolofoni ndi mikisa ya mabatani anayi. Azungu akayamba kuyankhula, umatsitsa mawu awo ndi dzanja lamanzere, n'kuwerenga lejenda, mawu aja olembedwa m'munsi, n'kuwanena m'Chinyanja asanazimirike. Nkhondo ikabuka umakweza koluna, chimkuzamawu chija, kuti malupanga amveke. Ukachedwa pang'ono anthu amagogoda mabenchi. M'mawa uliwonse ndinkayenera kuonera ndekha kanema wa tsikulo n'kulemba mayina m'kope, koma ndisaname, pamene panalibe lejenda ndinkangothamangitsa kanemayo.

Lamulo la Dona linali limodzi. "Kumasulira kouma n'kwa a padiri kutchalitchi. Pano uzithira mchere." Ndiye mfumu ya mu kanema inkasanduka ya ku Chiputo, kavalo n'kukhala njinga yamoto yopanda mabuleki. Mchere ndinkautha, zimenezo sindibisa.

Koma kusungulumwa kwake, abale. Anthu ankadziwa mawu anga, nkhope ayi. Pamsika anyamata ankabwereza nthabwala zanga ine ndikudutsa pompo, popanda wondipatsa moni. Ndinkagona m'kachipinda kosungiramo jenereta, bulangeti langa kununkha petulo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankandiwerengera: a Bernardo, bambo waimvi wa phewa lopendekeka, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi baraka. Dzuwa likafika pamutu ankakuwa, "Mwana wa ku Chipera, bwera udzalume chinangwa." Sitinkayankhula zambiri. Ine ndinkawagwirira gudumu, iwo akumanga masipoko, ndipo tsiku linkapepuka. Kanema sankaonera, ankati amawapweteketsa maso, koma ndinawanyengerera mpaka anavomera kudzandimva kamodzi.

Nthawi imeneyo Dona anabwera ndi kanema wakalekale wa magawo atatu, wa mafumu ndi zamatsenga. Nkhani yake inali yakuti mfiti yaikulu inaphimba dziko ndi phulusa, mfumukazi ndi anthu ake n'kuthawa pa zombo. Patapita zaka zambiri ana awo anabwerera atavala zoyera, kudzalanda dzikolo kwa anthu amatope, zolengedwa zopanda mayina zimene zinkasenzera mfitiyo miyala.

Gawo lachiwiri tinaonetsa Lamlungu masana, anthu atatuluka ku misa. Holo inadzaza mpaka pakhomo. A Bernardo anabwera atavala jekete, ndipo anakhala pa benchi lakutsogolo pomwe ndinawasungira malo. Tsikulo ndinafuna kuonetsa luso langa lonse. Ine ndinabadwira ku Zambia, kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo nkhani za kubwerera kwathu ndinayamwira m'bere. Zombo zitafika pagombe ndinati, "Aja a ku Zambia abwera, eni minda!" Holo inaomba m'manja. Anthu amatope atatulukira ali chiweramire ndi miyala kumsana, ndinawonjezera. "Awa ndi otsala aja, ankasenzera anyamata a mfuti katundu m'tchire. Taonani misanayo. Anakuuza ndani kuti utsale?" Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa mabenchi.

Ndinasuzumira pakabowo ka chinsalu kuti ndione ngati a Bernardo akuseka nawo. Ndinawaona akuimirira, n'kuvala chipewa, n'kutuluka pang'onopang'ono uku akupepesa anthu amene ankawaponda mapazi.

Kanema atatha, ndikukulunga mawaya, Dona Rosa anaima pambali panga. "Wawaseketsa, sindikana. Koma phewa la a Bernardo lija ukuyesa linapendekeka ndi pampu ya njinga? Bambo aja nthawi ya nkhondo anasenza matumba m'tchire, mfuti ili kumsana. Mayi awo anali osayenda, akanathawa nawo bwanji?" Ndinamva manyazi. Tsikulo sindinadye.

Lolemba ndinadzitsekera m'holo ndekha, n'kuyambira kanemayo pachiyambi, osathamangitsa. M'gawo loyamba munali kachigawo kakafupi kopanda lejenda, kamene ndinali nditakadumpha. Zombo zitadzaza, asilikali a mfumukazi anadula zingwe, pagombe patatsala nkhalamba, odwala ndi amene anawabereka kumsana. Phulusa linagwera iwowo. Anthu amatope aja anali abale awo enieni a ovala zoyera. Wopanga kanema sanabise ayi, anangoikapo nyimbo yokoma, kamera n'kutsatira zombo, ndipo maso athu tonse anapita komweko. M'gawo lachitatu, pamene ngwazi zija zikutentha mudzi wa amatope, pakona pa chithunzi pali mphika pamoto ndi kansalu ka mwana pachingwe. Ndinabwezera malo amenewo kanayi. Kanema yense amakupempha kuti usangalale mudziwo ukupsa, ndipo ine ndinali nditathandiza.

Lachiwiri ndinapita pansi pa mango paja. "Bambo, ndinalakwa. Sindinadziwe." Iwo anapitiriza kupala chubu ndi msasa, kapepala kokhakhala kaja, osadzutsa mutu. "Palibe mlandu, a womasulira. Mwanena zimene anthu amanena. Kungoti ine ndinali ndisanazimvepo pa koluna." Ndinawapempha kuti abwerenso Lamlungu, kuti pali zina zimene ndaona. Anati aona. Dzuwa linafika pamutu ine ndili chiimire, ndipo palibe anatchula za chinangwa.

Lamlungu lotsatira, tikuonetsa gawo lachitatu, ndinachita chimene womasulira sachita. Pa chithunzi cha mphika chija ndinaimitsa kanema. Ndinauza holo yonse amene anadula zingwe, ndi amene anatsala pagombe, ndi chifukwa chake anatsala. Ndinati mawu anga a sabata yatha anali achitsiru. Anyamata anagogoda mabenchi. "Tsegula kanema iwe, ulaliki tamva kale kum'mawa." Komabe azimayi awiri achikulire kumbuyo anaonera mpaka mapeto, mudzi ukupsa osaomba m'manja. Dona Rosa anangonditsina khutu pambuyo pake. "Kamodzi komweka, wamva?" Malo a pa benchi lakutsogolo anakhala opanda munthu mpaka mnyamata wina wa ku golide anaikapo mapazi. Koluna yathu inkamveka mpaka pa mango paja, koma ngati a Bernardo anamva, sanandiuze.

Ntchitoyo ndinaigwirabe miyezi ina, mchere ndikuthira, poti ndiyo inali ntchito. Koma kuyambira pamenepo sindidumpha malo opanda mawu, ndipo ndisanaseketse anthu ndimayamba ndayang'ana amene wasenza katundu pa chithunzipo, n'kudzifunsa kuti anamusiya ndani. Masiku ano ndimamasulira pamisonkhano ya alimi, ndipo khalidwe lake ndi lomwelo.

A Bernardo ankandiyankha moni mwaulemu m'mawa uliwonse, ulemu umene umapatsa mlendo. Ine ndinkadziuza kuti nthawi idzakonza, ndingodekha. Mvula itatsala pang'ono kuyamba anasamukira ku Chiputo kwa mwana wawo wamkazi, msewu usanatsekeke. Tsiku lonyamuka anatsanzikana ndi Dona Rosa, ndi mayi wogulitsa tomato, ndi anyamata a njinga zamoto, ine ndili kuseri kwa chinsalu ndikuseketsa anthu. Ndinazimva mawa lake, kwa munthu wina amene anandiimitsa pamsewu kundifunsa komwe angakamatitse chubu tsopano.