Mayi Ketulo ndi mapiritsi a kusikelo

Sabata yatha tinaperekeza Mayi Ketulo kumanda, ndipo bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo m'kalata ya parishi yathu. Ndavomera, koma mtima ukundiwawa.

Anakula ali amasiye, kwa azakhali awo. Sukulu anailekeza panjira, koma mapemphero onse anali pamtima, ndipo ife akwaya tikasokoneza nyimbo ankatikonza mokweza ali kubenchi yakumbuyo, osaopa munthu. Amuna awo atamwalira, anapeza ntchito yosesa pachipatala chaching'ono pomwe amayi oyembekezera amapita kusikelo.

Kusikeloko amayi amapatsidwa mapiritsi oteteza ku malungo, oti amwe namwino akuona. Koma posesa kuseri kwa chimbudzi, mayi athuwa ankapeza mapiritsiwo ali m'fumbi, onyowa ndi malovu. Atafunsafunsa anamva zifukwa. Wina wabwera osadya, akuopa chizungulire panjira. Wina akunyansidwa ndi kapu imodzi yomwera onse. Wina akungoti, "Ine sindikudwala, ndimwerenji?" Kuyambira pamenepo ankalawira ndi ketulo ya madzi owiritsa, makapu akunyumba kwawo ndi buledi, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Ankakonda kunena kuti, "Ine si dokotala, mwananga. Yanga n'kuthira madzi basi." Masiku ena mankhwala ankatha pachipatalapo, iwo n'kubwerera ketulo ili yodzaza.

Yesero lalikulu linadzera mwa mwana wawo wamkazi wotsiriza. Apongozi ake aakazi ankakhulupirira kuti mapiritsiwa amakulitsa mwana m'mimba, munthu n'kukathera ku opaleshoni. Mtsikanayo atatenga pakati, Mayi Ketulo anapita kukawagwira mwendo.

"Amayi, ndapota nanu, mulekeni mwanayu azimwa."

"Ine ana onsewa ndabereka popanda mapiritsi," anayankha apongoziwo. "Inu kaseseni kuchipatala kwanuko. Zapakhomo pano zisiyeni."

Komabe tsiku lasikelo mtsikanayo ankalandira kapu m'manja mwa mayi ake, n'kuponya mapiritsi m'kamwa, n'kumwera madzi. Mayi Ketulo anafika popereka Misa yothokoza.

Miyezi isanakwane, malungo anamugwira mtsikanayo. Khanda linabadwa laling'ono zedi, ndipo silinachedwe kutisiya. Ali chigonere m'chipatala, mtsikanayo anaulula: "Amayi, ndinkabisa m'tsaya, n'kukalavula panjira. Ndinkaopa kunyumba." Mayi Ketulo sanamukalipire. Anangomufunditsa bwinobwino. Ine ndi amene anandiuza, tili pakhonde la tchalitchi: "Ana a eni ndawamwetsa, wanga wandilaka. Madziwo ndinkamuthirira ndekha, ndi manja angawa." Tinangokhala pamenepo mpaka belu linalira.

Sanatukwane apongozi aja, ndipo akakumana nawo kumsika ankayamba ndi iwo kupereka moni. Ketulo yawo ija ankainyamulabe ngakhale atapuma pantchito, kufikira miyendo inakana. Akatifunsa chimene atisiyira, n'chimenechi: kutumikira osaleka, ngakhale pamene kutumikirako sikunapulumutse wako.

Anatisiya m'mawa, mwamtendere, atalandira masakramenti, kolona ili m'manja. Mwana wawo uja anali pambali pa bedi, ali ndi pakati penanso. Mayi Ketulo anamugwira dzanja n'kunena motsitsa, "Ulendo uno umeze, mwananga." Mtsikanayo anavomera ndi mutu. Apongozi ake anali ataima pakhomo. Ambuye awalandire mayi athu m'mpumulo wawo.

Tsiku lasikelo la mtsikanayo likubwera sabata ino. Ife amayi a mpingo tinapita kukapempha kuti timuperekeze. Apongozi ake anatilandira bwino, natithokoza chifukwa cha mwambo wa maliro, kenaka anati tisavutike, amuperekeza okha.