Mwamuna Wanga Atasanduka Iwe

Mwamuna wanga ndi telala. Ali ndi zaka 43, dazi, ana atatu ndi mawondo olira akamadzuka pa mashini. Amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi wokonza mafoni. Vuto lake ndi limodzi, sadziwa kukana. Mukamuuza kuti diresi ikufunika mawa amavomera, zosoka zina zitaunjikana mpaka m'khosi. Ine khalidwe limenelo ndinatopa nalo kalekale.

Ndiye apongozi, amayi ake a mwamuna wangayo, atabwera ndi pempho lawo, ndinadziwiratu kuti tapsa.

Apongoziwo amuna awo anamwalira ine ndisanalowe m'banjamo. Zaka zonsezi akhala okha, kucheza kwawo ndi wailesi basi. Tsiku lina pamzere wa kuchipatala anadziwana ndi bambo wina, dalaivala wa mabasi wopuma pa ntchito. Bamboyo atawafunsa zaka, apongozi anati fifite, chonsecho sikisite anaidutsa kale.

"Ndiye iweyo uli ndi twente-naini," apongozi anamuuza mwamuna wanga. "Ukanena zoona ndiye kuti ndinakubereka ndili sitandade thuu. Bamboyu andithawa, ine ndibwerere ku wailesi."

Anavomera, ngati mwa masiku onse. Ndevu tinadetsa ndi dayi, dazi tinavindikira ndi kapu. Mwana wathu woyamba, yemwe ali ku koleji, anasanduka mng'ono wanga. Magalasi osokera mwamuna wanga ankawaponya mu dilowa akangoona adalaivala akutulukira pakona.

Zonsezo anapirira. Chomwe chinkamudya mumtima ndi mawu amodzi. Munthu woti ngakhale eni sitolo amamuti "abambo", adalaivala ankamuti "iwe".

"Iwe, takandigulire mayunitsi." "Iwe, banja si masewera, ukadzakula udzamvetsa."

Ankafika kunyumba, kuvula kapu, n'kukhala pabedi. Ndinkamumvera chisoni, komanso ankandikwiyitsa. Koma apongozi anali atayamba kudzola mafuta onunkhira ndi kuseka mpaka kutsokomola, ndiye pakamwa panga ndinatseka.

Tsiku lina ndinamupititsira chakudya kuntchito, ndinapeza adalaivala atakhala pa benchi, akudikira buluku lawo kuti alipinde m'munsi. Ulusi unali utaduka. Mwamuna wanga, wopanda magalasi, akulimbana ndi singano. Anyambite ulusi, alase, aphonye. Anyambitenso. Thukuta linatsika, dayi n'kuyamba kuyenderera mpaka pa kolala.

Adalaivala anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavula magalasi awo.

"Tengani awa, achimwene. Musadzivutitse."

Miyezi yonseyi tinkalakalaka ulemu umenewu, koma utabwera unatanthauza kuti bodza laphulika. M'maganizo ndinawaona kale apongozi atabwerera ku wailesi yawo ija.

"Munadziwa liti?" anafunsa mwamuna wanga, mawu ali pansi.

"Tsiku loyamba. Mnyamata wa twente-naini sabuula akamatola sizasi."

"Ndiye amayi muwasiya?"

"Ndiwasiyirenji? Inenso pa zaka zanga ndinadulako zisanu ndi zitatu." Anapukusa mutu. "Koma chonde, asadziwe kuti ndikudziwa. Amayi anu ndi amanyazi, akangodziwa sadzanditsekuliranso chitseko. Ine kudya ndekha ndatopa nako."

Mwamuna wanga anavala magalasiwo, ulusi unalowa kamodzi n'kamodzi.

"Ndiye zipitirira mpaka liti?"

"Mpaka mmodzi wa ife atatsogola. Mundikhululukire, achimwene."

Ndinkayembekeza kuti mwina lero akana. Anangopumira m'mwamba, n'kuponda mashini.

Posakhalitsa apongozi anatulukira, atatchena diresi yamaluwa yomwe mwana wawo anawasokera, akumwetulira kuchokera patali. Mwamuna wanga anabweza magalasi mwachangu, n'kukokera kapu kumaso. Adalaivala anakonza kukhosi.

"Iwe, sukuwaona amayi ako? Tawapatsa mpando."

Anadzuka, bambo wa ana atatu, akuluma mano kuti asabuule. Anapukuta mpando ndi kansalu, amayi ake n'kukhala.