Kumapiri Kopanda Madzi

Chaka chimene mvula inathawa chimanga chili m'chiuno, ife ku Kanakantapa tinakolola mapesi okha. Mwana wanga anali atangoyamba kukwawa, ndipo mkaka wanga unali kuchepa. Ndinkamuyamwitsa bere ili, n'kumusinthira linalo, iye n'kumangondiyang'ana ngati ndamunamiza.

Dzuwa litafika poswa mtengo, amuna anga anatsitsa uta kudenga. Unali wa malemu atate awo, amene anabwera nawo kuchokera kum'mawa. Chikwatiwire ndinkangouona ukutolera mwaye. Akulu awo, alamu anga, anali ndi wawo wosema okha, ndipo mivi anasula kuchokera ku misomali ikuluikulu. Mfuti analibe. Ngakhale akanakhala nayo, mfuti imaitana anthu. Uta sulankhula.

Chimene chinatsala chinali kusankha kopita. M'mawa wina awiriwo anakhala pansi pa mtengo wa mango, alamu akujambula padothi ndi kamtengo. Ine ndinali pafupi, ndikukazinga chimanga chotsalira m'thumba kuti chikhale kamba wa paulendo.

"Apa ni pa famu ya mawaya," anatero alamu. "Nyama ziliko, koma kuli agalu na malonda. Apa tasiya." Anafufuta ndi phazi.

"Apa ni mapili ya pafupi. Anthu a makala anasiliza mitengo, na madzi kulibe. Mwina insa imodzi yosokela."

Kenako anakoka mzere wautali wotsikira kumbali ya paki ya nyama. Anati kumeneko kuli mtsinje umene umasunga madzi m'maenje ngakhale pa chilala.

"Chaka monga chino nyama yonse ili pa madzi. Ukhala chabe pa mwala, mphepo izikumenya kumaso, mbawala ibwela yeka."

Amuna anga anagwedeza mutu. Ndinaona kuti maso awo afika kale kumtsinjeko.

Sindinaitanidwe pa nkhaniyo, koma ndinalankhula. "Ba mulamu, nanga magemu, aja olonda nyama, sadziwa kuti nyama ili pa madzi?"

Anaseka. "Mulamu, iwe kazinga chimanga chisapselele. Magemu amvela mfuti. Uta adzaumva bwanji?"

"Safunika kumva. Akhala chabe pa mwala, imwe mubwela mweka."

Kuseka kunatha. Alamu anayang'ana mng'ono wawo, ngati akuti, ndiwe unakwatira pakamwa pamenepa.

Kubanja la amuna anga kuli mwambo. Mlenje sachoka pakhomo mkazi wake asanamupatse kamba ndi manja awiri, n'kunena kuti mtima wake wayera. Akapita mkazi atakana, ndiye kuti wanyamula tsoka. Apongozi anandiuza zimenezi nditangokwatiwa, ine n'kumayesa ndi zinthu zakufa ngati uta wakudengawo. Tsiku limenelo ndinaona kuti ndi chokhacho chimene ndinali nacho m'manja.

Amuna anga anandipeza kukhitchini ndikumanga kamba m'kansalu.

"Amake mwana, nipase."

"Kumapili nizakupasani. Ku madzi mtima wanga sunayele."

"Uona mwamene mwana aonekela? Kumapili kuli chani? Tizadya makala?"

"Njala niidziwa. Ndende siniidziwa. Mwana adye zochepa, koma azione atate ake."

Anaima nthawi yaitali pakhomo. Sanali munthu womenya. Akanatha kulanda kansaluko, ndipo ndinadikira kuti alande. Sanalande. Anati, "Chabwino, kumapili." Ndinagwada n'kuwapatsa, n'kunena mawu aja. Analandira osandiyang'ana.

Mkazi wa alamu, mnzanga wa pabanja, anali atapereka kale wake. Kwawo ana anali ambiri kuposa kwathu. Nditamufunsa ngati sakuopa, anati, "Ine mtima wanga wayela monga mbale zanga." Tinaseka tonse, kuseka koipa.

Ananyamuka limodzi pa njinga, mauta atawakulunga m'masaka ngati makasu. Pa mphambano anasiyana.

Masiku amene anatsatira ndinkapita kukathirira ndiwo m'dimba la munthu wina, mwana ali kumbuyo, n'kupatsidwa masamba ndi kaufa. Njinga iliyonse ikalira pamsewu wafumbi ndinkaweramuka. Ndinkapemphera, koma sindinkadziwa chopempha. Ndikati abwere ndi nyama, ndinkadziwa kuti ndawatumiza kumene kulibe. Ndinangopempha kuti abwere.

Anabwera masana ena, milomo itang'ambika, chigubu chili gwa. M'saka munali uta ndi mivi yonse, yoyera ngati mmene inapitira. Anakhala pakhonde n'kumwa madzi osapuma. Atatha anandiuza zimene anaona: zitsa, phulusa, njira za ngolo za makala. Ndowe za nyama zimene anapeza zinali zakale, zofumbutuka m'manja. Anakwera phiri ili n'kutsika, n'kukwera linalo, kufunafuna chigwa chimene nkhwangwa sinafike. Insa anaiona kamodzi, patali, mphepo n'kutembenuka, basi.

"Wakondwela?" anandifunsa.

Ndinawapatsa phala lamadzimadzi, iwo n'kugawirako mwana.

Tonse tinkadziwa chimene chikubwera: alamu adzafika ndi saka la nyama yofutsa, ndipo ine ndidzanyamula mbale kukapempha kwa mkazi amene sanakanize mwamuna wake. Manyazi amenewo ndinali nditawakonzekera. Ndinali nditasankha ndi mbale yomwe, yaing'ono, kuti ndisaoneke wadyera.

Amene anafika anali bambo wina wogulitsa makala, wochokera kumbali ya kumtsinje. Anaimika njinga yake pakhomo pathu osatsitsa katundu, n'kuvula chipewa. Anati alamu anapha mbawala tsiku lomwe anafika pa madzi. Magemu anali pomwepo, m'miyala, akuonerera. Sanawagwire polasa. Anadikira asende, adule, ayanike nyama pa thandala, kuti pasakhale chokana. Kenako anatenga zonse, munthu, nyama, uta ndi njinga.

Amuna anga anakhala padothi. Kenako anati, "Nikanakhalako, mmodzi akanayang'ana njila."

"Mukanakwela galimoto ya magemu nonse awili," ndinatero.

Anandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo. Sindidziwa ngati unali mkwiyo. Anadzuka n'kupita kukauza mkazi wa akulu awo.

Mlandu unaweruzidwa, ndipo alamu anapatsidwa zaka. Mkazi wawo anagulitsa mbuzi, kenako malata, kenako anabwera kwathu ndi ana ndi mphasa. Sanandinyoze. Tsiku lina tikutsuka mbale anangoti, "Iwe unadziwa. Unalekelanji kunigwila dzanja?" Ndinamuuza zoona, kuti sindinadziwe, ndinangoopa. Anapitiriza kutsuka.

Pakamwa panachuluka, ufa sunachuluke. Mwana wanga anadwala zilonda za m'kamwa, tsitsi n'kufiira, ndipo kuchipatala anamulemba pa ana olandira chiponde. Ndikamuyang'ana ndinkakumbukira mawu anga akuti adye zochepa. Anali mawu opepuka powanena. Koma anachira, ndipo tsiku limene anayamba kuyenda anachoka pa mwendo wanga n'kukagwera pa mawondo a atate ake.

Amuna anga tsopano amatentha makala, kumapiri komwe kuja kopanda madzi. Akudula mitengo imene anzawo anaisiya chifukwa inali yaing'ono. Uta unabwerera kudenga, koma wopanda nsinga. Nsinga anamangira saka la makala tsiku lina chingwe chitasowa.

Za kusankha kwa tsiku lija sitikambirana. Sananene kuti ndinachita bwino, ndipo sindikudikira kuti anene. Likafika tsiku lokaona akulu awo kundende, amadzuka m'mawa kukakwera minibasi. Ine ndi mkazi wa alamu timakazinga nsawawa ndi chimanga, n'kumanga m'kansalu komwe kaja. Iye sakhudza mfundo yake, amati manja ake anapereka kale kamodzi. Ndine ndimagwada n'kupereka ndi manja awiri. Amuna anga amalandira, amaima pang'ono pakhomo, kenako amapita, ndipo madzulo amabwera.