Kamera Imene Ndinkaopa Kuidina

Amayi atamwalira tinasowa chithunzi chawo. Tinafufuza m'sutikesi, m'Baibulo, pansi pa matiresi, koma chimene chinapezeka ndi cha pa reji chokha, chiphaso chawo cha boma chija. Anakachikulitsa m'tauni n'kuchiika pa mapepala a mwambo wa maliro ndi pa masikipa amene anthu a mphakati wathu anavala. Nkhope inaphwanyikaphwanyika, maso anangokhala madontho awiri akuda, ndipo chidindo chinawadula tsaya. Ndinamva azimayi ena akufunsana monong'ona ngati analidi iwo. Manyazi amenewo sanandichoke.

Patapita zaka zitatu atate anayamba kutsokomola mosalekeza. Anagwira ntchito pansi pa mgodi kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo ife a ku Wusakile, ku Kitwe kuno, chifuwa chimenecho timachidziwa, sitidikira dokotala kuti atiuze kumene chimathera. M'nyumba tinatsala awiri, ine ndi iwo. M'mawa uliwonse ndisanapite kumsika kumene ndimasoka, ndinkaima pakhomo pa chipinda chawo n'kutchera khutu. Kukakhala zii, ndinkasuzumira msangamsanga. Akatsokomola, mtima unkakhala pansi. Taganizani, munthu kukondwera ndi chifuwa cha atate ake.

Ndinkafuna chithunzi chawo chabwino nkhope isanathe. Koma kwathu kuitana wojambula kuti adzajambule munthu wodwala n'chimodzimodzi kuitana kalipentala ndi tepi yake yoyezera bokosi. Achibale akanati ndawalosera imfa, enanso akanati ndikudziwapo kanthu. Foni yanga inali yong'aluka galasi, yojambula anthu ngati ali mu utsi. Ndiye ndinapeka bodza. Ndinawauza atate kuti ndikufuna kugula kamera yaikulu, ija yosintha malenzi, kuti ndizijambula madiresi anga ndi maukwati a makasitomala. Iwo anangoyankha kuti thukuta ndi langa, ndichite zimene ndaona.

Mwezi umenewo inali nthawi yanga yolandira chilimba, ndalama zimene azimayi a mzere wathu kumsika timasonkherana mosinthana. Ndinali nditalonjeza kuti ndigula makina ena osokera, poti angawo anayamba kudumpha ulusi. Ndinazitenga n'kupita nazo m'masitolo a m'tauni ya Kitwe. Makamera anali m'magalasi okhoma, akuda, onyezimira. Mtengo wa yoyamba ndinauwerenga kawiri, kuganiza kuti maso andinamiza. Mayi wogulitsa anandifotokozera zambirimbiri, za mamegapikiselo ndi zina zimene ndinaziiwala ndisanatuluke, ine n'kumangogwedeza mutu ngati gulo. Kenako ndinaona ina imene ndalama zanga zikanafikira. Ndinatsala pang'ono kumasula kansalu, pomwe mayiyo anati imeneyo ndi thupi lokha, lenzi amagulitsa payokha, ndipo popanda lenzi siijambula chilichonse. Ndinatuluka thukuta lili kamukamu. Ndikanapanda kuuzidwa, ndikanabwerera kunyumba ndi chibokosi chakhungu.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wa ku tchalitchi. Anati mlamu wake ku Masala, ku Ndola, anali wojambula wakalekale, ndipo akugulitsa zida zake chifukwa mafoni amulanda ntchito. Ndinapempha a neba kuti azisuzumira atate, n'kukwera minibasi ndalama nditazimanga pamimba. Ulendo wonse sindinaone msewu. Munthu akangondikhudza ndi chigongono, ndinkati wakuba. Foni ikangonjenjemera, ndinkati a neba akundiuza kuti ndibwerere. Ndinafika ku Ndola nditatopa ngati ndayenda wapansi.

Wojambulayo anali bambo wachikulire wa imvi za m'mbali, ndipo kashopu kake kanali kuseri kwa ogulitsa makala. Anaika makamera awiri patebulo. Ina inali yaikulu, yopukutidwa bwino, ya lenzi yaitali ngati mkono wa mwana. Inayo inali yaing'ono, yokalika m'makona, lamba wake atasokedwa ndi ulusi wa nsapato. Mtengo unali wosasiyana kwenikweni. Ine dzanja linapita pa yaikulu ija, poti maso alibe nzeru.

Bamboyo anaseka n'kunena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anandifotokozera, mosakaniza Chibemba ndi Chinyanja, kuti m'kati mwa kamera yotere muli kachitseko kamene kamatseguka ndi kutsekeka ukadina batani, ndipo kali ndi malire ake. Kamera imawerenga yokha kuti yadinidwa kangati. Yaikuluyo inali itazungulira maukwati a Ndola yense kwa zaka zambiri, inali nkhalamba yodzola mafuta. Yaing'onoyo anaigulira mwana wake wamkazi, amene anaigwetsa kawiri n'kuitaya mtima. Kwa munthu woyamba kumene, anati, yaing'onoyo ndiyo yoyenera, yopepuka, yosavuta, ndipo batire lake likadali lamoyo.

Ndinafunsa kuti yatsala ndi kudina kungati.

"Ba mayo, palibe amene aziba," anatero. "Ingafe mailo, mawa lomweli, ingankale five years. Siku yamene izakana, yakana chabe."

Anandionetsa kachizindikiro kobiriwira pa kagudumu ka pamwamba, nati ndisasunthepo mpaka nditazolowera. Anandiuzanso kuti ndikafika kunyumba ndikajambule chilichonse, nkhuku, mapoto, mipanda, kuti manja aphunzire. Zonsezo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Chimene ndinanyamula ndi chimodzi chokha, chakuti chinthuchi chimafa ndipo tsiku lake silidziwika.

Ndinaikulunga m'chitenje, n'kuifungatira pamiyendo mpaka ku Kitwe. Kunyumba ndinailonga mu wadirobu, pansi pa mabulangete. Apa ndiye panaonekera uchitsiru wanga. Ndinayamba kusunga kudina kuja monga timasungira mafuta ophikira kumapeto kwa mwezi. Ndinkati ndikajambula nkhuku, mwina kudina komaliza kuthera pa nkhuku. Milungu itatu inatha ndisanadinepo ngakhale kamodzi. Ndinkangoitulutsa, kuiyang'ana, kuipukuta ndi kansalu, n'kuibwezera.

Ndinkadikiranso tsiku labwino, loti atate adzuke ali ndi mphamvu, amete, masaya abwerereko pang'ono. Ndinkawaphikira phala la nsinjiro, kuwagulira mkaka, n'kumawayang'ana kumaso mwakabisira ngati zikugwira. Sizinkagwira. Kolala ya shati inayamba kutalikirana ndi khosi. Ndinkaopa kuwajambula ali choncho, ndinkaopanso kuti mawa adzakhala ochepa kuposa lero, ndipo koposa zonse ndinkaopa kuwapempha, poti ndikanayamba ndi mawu ati? Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ine ndinkaudziwa mwambiwo n'kumazengerezabe.

Lamlungu lina analephera kupita ku Misa. Ndinapita ndekha ya m'mawa, ndipo sindinamve ngakhale ulaliki. Pobwerera ndinapeza chitseko cha chipinda chawo chili chotsegula. Anali atakhala pabedi, atavala jekete lawo lakuda la pa zikondwerero, tayi ali pakhosi, nsapato zitapolishidwa. Anali atadzimeta okha ndevu, n'kudzicheka pang'ono pachibwano. Ndinamvapo za okalamba amene amasamba n'kuvala bwino akaona kuti ulendo wafika.

"Bweretsa chija unagula ku Ndola," anatero. "Kapena unagulira mabulangete?"

Ndinathamanga kukaitulutsa mu wadirobu. Chivundikiro cha lenzi chinandikanika, mpaka iwo anandiuza kuti ndifinye m'mbali. M'chipindamo munali mdima wa makatani. Nditadina, kanyali ka pamwamba kanadumpha kokha n'kung'anima, ine n'kutsala pang'ono kuiponya pansi, kuyesa kuti yapsa. Pa kagalasi ka kumbuyo panaoneka nkhope yoyera mbuu, maso ofiira. Ndinadinanso. Chachiwiri chinatuluka chopaka, munthu wa mitu iwiri. Mumtima ndinkawerenga, kawiri katha, katatu katha, ndipo chilichonse chinali choipa kuposa chinzake. Ndinazindikira kuti ndawononga milungu itatu ndipo sindidziwa kanthu.

Atate anati vuto ndi mdima, tituluke panja. Ndinakana, ndinati a neba aona, anthu alankhula. Iwo anali ataimirira kale, atagwira khoma. Kuchoka pabedi kufika pansi pa mtengo wa kotapeya, wa mapeyala uja, ndi mapazi khumi ndi angapo, koma tinapumira katatu. Ndinkamva mpweya wawo ukulira ngati ketulo. Ndinawakhazika pampando, iwo n'kuwongola tayi, n'kuika manja pamaondo. A neba anasiya kuyanika zovala n'kumayang'ana pamwamba pa mpanda.

Ndinaona kuti akugwira mpweya kuti asatsokomole, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Apo ndinasiya kuwerenga. Ndinadina, ndinadinanso, ndinagwada pafumbi ndi diresi langa la ku tchalitchi n'kudinabe. Kachitseko kaja kankangolira m'manja mwanga. Chifuwa chitawagonjetsa anawerama nthawi yaitali, ine nditawagwira phewa, ndikupemphera kuti zisachitikire pano, pampando, chifukwa cha ine.

Atapeza mpweya anati aone. Ndinagwada pambali pawo n'kumasuntha zithunzi chimodzichimodzi. Zambiri zinali zopendekeka, zina ndinawadula mutu. Anazidutsa mpaka anaika chala pa china. Kuwala kunali kutagwera tsaya limodzi, maso akuyang'ana molunjika, pakamwa ngati akufuna kundiseka.

"Ichi ndiye muzaike," anatero. "Uwauze asadule tayi."

"Kuika pati, atate?"

"Mayi, ndiwe telala iwe. Uyesa siniona ukamanipima na maso?"

Misozi yanga inagwera pa kagalasi kaja, ndipo iwo anaipukuta ndi chala chachikulu n'kundiuza kuti ndisawononge katundu wodula. Kenako anati ndiwathandize kuvula jekete, likuwalemera. Ndinapita kumbuyo kwa mpando n'kuligwira m'mapewa. M'menemo ndi mmene ndinaona kuti kumsana analipinda n'kulimanga ndi mapini anga atatu, kuti kutsogolo lizioneka ngati likuwakwanabe.